Mano a chinjoka a ku Aachen: kodi ana angaseweremo?

"Zikomo bambo. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Dedza, koma ndatha chaka ndi miyezi ndikugwira ntchito ya unamwino ku Aachen m'dziko la Germany. Lamlungu lapitali tinakawongola miyendo cha kumalire ndi Belgium, ndipo m'mphepete mwa nkhalango tinapeza zipilala za konkiliti zosongoka, zolekeza m'chiuno, zitandandalikidwa mizeremizere mpaka kosaoneka. Zamera ndere, ng'ombe zikudya msipu pakati pake. Ine ndimayesa ndi manda, moti ana ndinawaletsa kukwerapo. Mnzanga wa kuntchito akuti ndi zotchingira akasinja za nthawi ya Hitler, ndipo ndakumbuka kuti ndinaonapo zofanana nazo pa nkhani za nkhondo ya ku Ukraine. Mtima wanga sunakhale m'malo. Kodi zipilala zotere zingaimitsedi kasinja? Nanga pansi pake palibe mabomba? Ana akundivuta kuti tibwerereko."

Mayi, khazikani mtima pansi. Pamene munaima paja si manda, ndipo ana anu akadakwerapo sakadaponda munthu. Mnzanu wa kuntchitoyo wakuuzani zoona. Mwachita bwino kufunsa musanabwerereko, paja safunsa anadya phula. Ine ndinakhala zaka zambiri m'gulu la amisiri a usilikali, ife amene timatumidwa kukatseka njira kapena kukaitsegula anzathu asanadutse, ndipo nditavula yunifolomu ndinalowa ntchito yochotsa mabomba okwirira pansi. Zipilala mukunenazo ndinazigwirapo ndi manja pamene ndinali pa maphunziro ku Ulaya. Chimene ndikufuna mugwire m'zonse ndinenezi n'chakuti mano amenewo paokha saluma. Pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse zoluma zinali mfuti zobisala kumbuyo kwake, ndipo lero choluma, ngati chilipo, chili m'dothi.

Olankhula Chingerezi amazitcha mano a chinjoka. Ajeremani eni ake amati Höckerlinie, kunena kwake mzere wa malinunda, ngati linunda la ng'ombe, ndipo ndilo dzina mudzalione pa zikwangwani za m'njira. Zipilalazo ndi gawo la linga lalikulu limene boma la Hitler linamanga kumalire a kumadzulo kwa dziko, makamaka pakati pa 1938 ndi 1940. Iwo ankalitcha Westwall, adani awo ankati Siegfried Line. Linayambira ku Kleve, pafupi ndi Netherlands, n'kutsetsereka makilomita oposa 600 mpaka kumalire ndi Switzerland cha ku Basel, mtunda wosasiyana kwambiri ndi wochoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu. M'kati mwake munali timalinga ta konkiliti tobisalamo asilikali, ngalande ndi zotchinga zoposa 18,000. Si mtunda wonsewo umene unali ndi mano. Pamene panali mtsinje waukulu ngati Rhine kapena phiri lotsetsereka, chilengedwe chinali chitatchinga kale. Mano ankawaika pa malo oyera, m'madambo ndi m'minda, pamene kasinja akadathamanga mosavuta. Mzinda wanuwo unazingidwa kawiri: mzere wina kumalire, wina kuseri kwa mzinda chakum'mawa. N'chifukwa chake kuzungulira Aachen mungawapeze m'malo ambiri, ku Köpfchen, ku Schmithof, ku Roetgen, ku Lammersdorf mpaka kukwera m'mapiri a Eifel.

Mukadzabwererako, imani chakumbali kwa mzerewo muyang'anitsitse. Mudzaona kuti manowo si ofanana msinkhu. Oyang'ana ku Belgium, kumene mdani amayembekezeka kuchokera, ndi aafupi, ena olekeza m'mawondo, ndipo amanka natalika mpaka omalizira ofika m'chiuno kapena pachifuwa. Muwerengenso mizere. Mukapeza inayi, ndi mamangidwe a 1938, otambalala mamita 7, ndipo anawakonzera akasinja olemera mpaka matani 20. Mukapeza isanu, ndi a 1939, otambalala mamita oposa 13, okonzera akasinja a matani 36. M'chaka chimodzi chokha amisiri anaona kuti zimene amanga zachepa kale, chifukwa akasinja ankanka nakula. Papasani pakhungu pa dzino limodzi pamene ndere zasendeka: mizere ya matabwa a chikombole chimene anathiramo konkiliti ikuonekabe, mpaka timfundo ta thabwa. Ine nditaiona mizere imeneyo ndinaganiza za manja a munthu amene anakhoma misomali m'matabwawo, n'kuwazula m'mawa mwake kuti akakhome pa dzino lotsatira, tsiku ndi tsiku.

Koma nzeru yeniyeni ya ntchitoyo ili pamene maso saona. Dzino lililonse lili ndi muzu. Pansi pa udzu munapondapo pali mitanda ya konkiliti yokhala ndi zitsulo m'kati, ina yoyenda motsata mzere, ina yopingasa, ndipo mano onse anathiridwa pamodzi ndi mitandayo kukhala chinthu chimodzi. Kasinja akagunda dzino limodzi ndiye kuti akulimbana ndi mzere wonse pamodzi ndi dothi louphimba. Mmisiri aliyense womanga nyumba kwathu kuno angakuuzeni kuti khoma limalimba ndi maziko, ndipo apa maziko ndiwo anadya simenti, mchenga ndi miyala ya kwale yambiri.

Tsono kasinja amakodwa bwanji? Mukudziwa mmene galimoto imachitira m'dzinja pa msewu wa kumudzi, ikakhala pamimba pa mtumbira wa pakati, matayala n'kumangozungulira m'malere. N'chimodzimodzi. Kasinja amayenda pa matcheni awiri, ndipo pakati pa matcheniwo mimba yake imatalikira pansi ndi theka la mita kapena kucheperapo. Akakwera dzino lalifupi loyamba, mphuno imadzuka. Akapitiriza, mimba imakakhala pa dzino lalitali, matcheni amasowa pogwira, kapena tcheni limodzi limapotoka n'kuvuka. Manowo anawasemphanitsa dala kuti pasapezeke njira yowongoka. Ndiye pamene mphuno yadzuka, mimba imaonekera, ndipo chitsulo cha kumimba ndi chimodzi mwa zopyapyala kwambiri pa thupi lake. Ndinakhalamo m'magalimoto otere zitseko zonse zitatsekedwa. Woyendetsa amaona dziko kudzera pa kagalasi kosaposa chikhatho chanu, phokoso la injini lili m'mutu, fumbi lili m'maso. Chinthu cholekeza m'mawondo chimene chili pafupi sachiona n'komwe, amangomva kugunda. Munthu amene wakhala pamimba m'kati mwa bokosi lachitsulo lodzaza mafuta ndi zipolopolo, akudziwa kuti wina akumuyang'ana ndi mfuti yaikulu, mphindi imodzi imamutalikira ngati tsiku.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ngakhale olemba nkhani. Amayesa ntchito ya mano ndi kuimitsa adani kuti asadutse mpaka kalekale. Palibe mmisiri wa usilikali amene amaganiza choncho. Agogo athu osaka nyama ankaidziwa bwino nzeru imeneyi. Ankamanga mpanda wa zitsamba wautali m'thengo, n'kusiya mipata apo ndi apo, pa mpata uliwonse n'kukumba mbuna n'kuiphimba ndi udzu. Mpandawo njati ikadafuna ikadauthyola. Ntchito yake inali kuiuza nyama kolowera. Mano a chinjoka nawo amachedwetsa kasinja, amamukhotetsa kuti alowere kumene eni linga akufuna, ndipo amamuimika pa malo amene mfuti zinalozetsedwa kale, mtunda wake utayezedwa. N'chifukwa chake timalinga tambiri tinamangidwa chakumbuyo kwa mano, pa kamtunda, timawindo take titapenya pa mzerewo. Pamene msewu unkadutsa ankasiya mpata wokhala ndi chipata chachitsulo kapena maenje olowetsamo njanji. Ife tsiku loyamba la maphunziro tinauzidwa kuti chotchinga chimene palibe akuchilondera ndi mfuti ndi mulu wa miyala basi, ndipo zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinaone chotsutsa mawu amenewo.

Mbiri ya malo anuwo ikuchitira umboni. Mu Seputembala 1939 asilikali a France analowa pang'ono m'chigawo cha Saar ku Germany, koma sanafike polimbana ndi lingalo, ndipo pofika Okutobala anali atabwerera. Pamenepo tingati linagwira ntchito yoopseza. France itagwa mu 1940, Ajeremani anaona ngati lingalo latha ntchito. Mfuti ndi zipangizo zambiri anazichotsa kupita nazo ku malinga a m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ndipo timalinga tina alimi anayamba kusungiramo katundu. Pamene asilikali a America anafika kumalire mu Seputembala 1944, n'kulanda Roetgen pa 12 mwezi womwewo, m'malo ena anapeza mano alipo koma alonda ndi ochepa. Pamene zinali choncho ntchito inali yachidule. Amisiri ankakwawa ndi mabomba a m'zikwama n'kuphulitsa mano angapo, kapena ankabweretsa kasinja wokhala ndi khasu la katapila kutsogolo, n'kukankhira dothi pa manowo mpaka atakwiririka, anzake n'kudutsa pamwamba ngati pa mlatho. Chakumwera kwa Aachen anapezanso malo amene miyala ndi dothi zinali zitathiridwa kale pakati pa mano kuti ngolo za alimi zizidutsa popita kumunda.

Kukwirira kumeneku ndinakuona ndi maso pa maphunziro athu. Tinatha masiku tikumanga chotchinga, thukuta lili kamukamu, tikunyadira kuti apa sipadutsa kanthu. Mlangizi wathu anaitana katapila mmodzi. Ife tinakhala pansi pa mtengo n'kumaonerera, ndipo tisanamalize kumwa tiyi njira inali itatseguka. Kenako anatifunsa kuti, woyendetsa katapilayu akadakhala kuti akuwomberedwa, akadafika n'komwe pa dzino loyamba? Tonse tinangoti chete. Phunziro linali lomwelo.

Komabe ndisakunamizeni kuti lingalo linali lachabechabe. Pamene Ajeremani anapeza mpata wobwezeretsa asilikali, magazi anakhetsedwa kwambiri. Aachen inagonja pa 21 Okutobala 1944 patatha milungu itatu ya nkhondo yoopsa, mzinda waukulu woyamba wa Germany kugwa m'manja mwa asilikali ochokera kumadzulo. M'nkhalango ya Hürtgen, pafupi pomwepo chakum'mawa, nkhondo inakoka kuyambira Seputembala 1944 mpaka Febuluwale 1945, ndipo anyamata zikwizikwi a mbali zonse ziwiri anathera mmenemo. Kuona kwanga n'kwakuti lingalo linagulira Hitler miyezi ingapo, ndipo miyezi imeneyo sinapulumutse dziko lake, inangochulukitsa maliro.

Zimene munaona pa nkhani za ku Ukraine ndi mbeu yomweyo, kungoti kabzalidwe n'kosiyana. Kuyambira kumapeto kwa 2022 asilikali a Russia anayala mano a konkiliti m'zigawo za Luhansk, Zaporizhzhia ndi kwina, m'malinga amene anthu anawapatsa dzina la mkulu wa asilikali Sergei Surovikin. Amenewo amaumbidwa ku fakitale, kunyamulidwa pa malole n'kutsitsidwa ndi makina onyamulira. Ambiri amangokhazikidwa pamwamba pa dothi opanda muzu, ena amamangidwa pamodzi ndi zingwe zachitsulo. Anthu ambiri pa intaneti anawaseka, ndipo n'zoona kuti dzino lopanda muzu kasinja wa matani oposa 40 angalikankhire pambali. Koma asilikali a Ukraine atayamba kukankha mu Juni 2023, chimene chinawachedwetsa kwambiri chinali minda ya mabomba okwirira yotambalala zedi, pamodzi ndi maenje, mizinga, mahelikopita ndi ma drone oona chilichonse choyenda. Kufika pa mudzi wa Robotyne kunawatengera mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Mano anali chiwalo chimodzi chabe cha msampha, ndipo amene amawaweruza poyang'ana chithunzi cha konkiliti yekha amaphonya nkhani. Ukraine nayo inayamba kuyala ake. Estonia, Latvia ndi Lithuania anagwirizana mu Januwale 2024 zomanga malinga kumalire awo a kum'mawa, ndipo Poland inalengeza zake m'chaka chomwecho. Zimandiwawa kuti chinthu chimene ana anu akuchiona chitamera ndere, kwina akuchithira m'chikombole lero lino.

Mukamayenda m'maiko ena a ku Ulaya mudzakumana ndi abale ake. Ku Switzerland, pakati pa mapiri a Jura ndi nyanja ya Geneva cha ku Gland, kuli mzere wa makilomita pafupifupi 10 wa zipilala zolemera matani 9 chilichonse, ndipo anthu anautcha Toblerone chifukwa chofanana ndi chokoleti chija. Lero ndi njira yoyendamo alendo. Ku Britain, kumene kuli abale athu ambiri, m'magombe ndi m'mphepete mwa mitsinje muli zibuma zikuluzikulu za konkiliti zangodya zinayi zimene anathira mwachangu mu 1940 ndi 1941 poopa kuti Ajeremani awoloka. Ku Finland anasema miyala yeniyeni ya m'mapiri n'kuindandalika.

Ndibwerere pa mawu anu akuti mumayesa ndi manda. Mtima wanu sunaphonye kwenikweni. Pansi pake palibe mitembo yoikidwa, koma ntchitoyo inali ndi misozi yake. Amuna mazana a zikwi anasonkhanitsidwa m'dziko lonse pansi pa bungwe la zomangamanga la Organisation Todt ndi magulu ena a boma, ambiri mokakamizidwa ndi lamulo, kugona m'zithando kutali ndi mabanja awo. Ku Hinzert, pafupi ndi Trier, kunali msasa umene ankatsekerako antchito a lingali amene akuti ndi aulesi kapena osamvera, ndipo pambuyo pake unasanduka ndende yozunzirako anthu ochokera ku Luxembourg, France ndi maiko ena. Alimi analandidwa minda, mizere ya konkiliti n'kudula pakati pa munda wa munthu. Nkhondo itayamba mu 1939 midzi yambiri ya kumalire, makamaka cha ku Saar ndi Pfalz, inasamutsidwa. Choncho kuwauza ana kuti pamalopo ayende mwaulemu si kulakwa.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sanazichotse. Timalinga tambiri anatiphulitsa nkhondo itatha, koma mano anakanika chifukwa cha mizu ija: kuwazula kumadya ndalama zambiri kuposa phindu la kachigawo ka munda kopezekapo. Zaka zitapita, anthu anazindikira kuti pamene khasu la thirakitala silifika pamera zitsamba, ndere ndi maluwa osowa, mwabisala mbalame, abuluzi ndi avumbwe, ndipo m'mabwinja a timalinga mukugona mileme. Lero mbali zambiri zimatetezedwa ndi lamulo ngati zikumbutso za mbiri. Kugumula kachidutswa kuti mukaonetse kwathu ku Dedza ndi mlandu.

Tsopano za ana. Konkiliti yekhayo alibe chophulika m'kati, ndi simenti, mchenga, miyala ndi zitsulo. Ngozi zake ndi zimene inu a kuchipatala mumaziona tsiku lililonse. Ndere zikanyowa zimaterera ngati therere, ndipo mwana akadumpha kuchoka pa dzino lina kupita pa lina n'kuphonya, amagwera pa ngodya ya dzino lachitatu. Pamene konkiliti anang'aluka pamatuluka zitsulo zadzimbiri, ndipo m'zitsamba nthawi zina mumabisala waya waminga wakale. Onani kuti katemera wa kafumbata wa anawo ndi wokwanira. Chimene ndikuletsa ndi mawu amphamvu ndi kulowa m'mabwinja a timalinga tophulitsidwa. Denga lake limalendewera pa zitsulo zodyeka, pansi pali maenje odzaza madzi, ndipo munthu akagweramo foni siigwira bwino. Ofuna kuona m'kati apite ku timalinga tokonzedwa kuti alendo azilowa ndi wowatsogolera, monga ka ku Simonskall m'dera la Hürtgen, atafunsiratu masiku otsegula.

Dothi ndiyo nkhani ina, ndipo apa ndichedwapo. Pa mizere imene ili m'mphepete mwa njira zodziwika, pamene ng'ombe zakhala zikuponda ndipo alimi akhala akutchetcha kwa zaka 80, mwayi woti muponde bomba ndi wochepa kwambiri. Mabomba okwirira a m'maderawo anachotsedwa m'zaka zotsatira nkhondo, ndipo ambiri mwa ochotsawo anafera pa ntchitoyo. Koma chigawo chonsecho chinali bwalo la nkhondo, ndipo nthaka imalavulabe zimene inameza: zipolopolo, mabomba oponya ndi manja, mabomba a mizinga amene sanaphulike. Mvula ikakokolola, mtengo ukazuka ndi mphepo, nguluwe zikafukula, zimatulukira. Mu Januwale 2014 ku Euskirchen, kosatalikira ndi kwanuko, woyendetsa makina okumbira anafa atagunda bomba la nkhondo imeneyo. Mu Juni 2025 ku Cologne anthu oposa 20,000 anasamutsidwa kwa tsiku kuti akatswiri achotse mabomba atatu. M'nkhalango yotetezedwa ya Eifel muli madera otsekedwa mpaka lero chifukwa cha zophulika zotsalira. Mukaona chikwangwani choletsa kuchoka m'njira, musachiyese chokongoletsa.

Anthu amaganiza kuti bomba likakalamba limafooka. Zoona zake n'zakuti limakwiya msanga. Dzimbiri limadya timapini totchinga, mankhwala a m'kati amasintha, ndipo chinthu chimene kale chinkafuna kumenyedwa mwamphamvu chimatha kuphulika pongochitembenuza. Ndili pa ntchito m'chigawo cha Tete ku Mozambique, tsiku lina masana tikupuma, mnyamata wa zaka ngati 10 anatulukira m'tchire atanyamula chinthu m'manja awiri, nkhope ili mwee, akuti watipezera chimene timafuna. Chinali bomba lalitali ngati chinangwa chachikulu, lokhala ndi zipsepse kumchira, dothi lofiira litamatirira thupi lonse. Anali atayenda nalo kuchokera kudimba. Sindinakuwe, chifukwa mwana ukamukuwira amaponya chimene wanyamula. Ndinamuyamikira, ndinamuuza aime pomwepo, agwade pang'onopang'ono, alikhazike pa mchenga ngati akugoneka khanda, kenako abwere kwa ine. Atafika ndinapeza malaya anga anyowa ngati ndagwa m'madzi. Mwanayo sanalakwe, ankafuna kuthandiza. Palibe amene anali atamuuza kuti chinthu chotere sanyamula. Dziko limenelo linalengeza kuti lamaliza kuchotsa minda yodziwika ya mabomba okwirira mu 2015, patatha zaka 23 nkhondo itatha, ndipo la Germany likutolabe zake patatha zaka 80.

Ndiye musanapite, akhazikeni pansi anawo muwauze mawu ochepa oti asaiwale: ukaona chitsulo chadzimbiri m'tchire, usachigwire, usachiponde, usachigende, usabwere nacho kwa amayi, bwera wekha udzanene. Auzeni kuti sichioneka ngati bomba la pa kanema. Chimaoneka ngati chitini, ngati botolo, ngati paipi, ngati mbatata yokutidwa ndi dothi. Inuyo mukachiona, bwererani m'mapazi momwe munadzera, talikirani ndithu, sungani malowo pa mapu a pa foni, chenjezani ena odutsa, ndipo imbani 110, nambala ya apolisi. Iwo ndiwo amaitana gulu la boma lochotsa zophulika, limene pa Chijeremani limatchedwa Kampfmittelbeseitigungsdienst. Musachite manyazi kuti mwina ndi chitini chenicheni, kapena kuti Chijeremani chanu n'chothyokathyoka, kapena kuti ndinu mlendo ndiye mufunsidwa zambiri. Ife a ntchito imeneyi timakondwa kuitanidwa pa chitini maulendo khumi kusiyana ndi kuitanidwa kamodzi zitachitika kale. Wina akavulala, nambala ndi 112, imene inu mukuidziwa bwino kuposa ine.

Pali zina ziwiri zimene ndimaona anthu athu akulakwitsa kunjako. Choyamba ndi kugulira mwana kachipangizo kofufuzira zitsulo pansi ngati choseweretsa. M'chigawo chanucho cha North Rhine-Westphalia kufufuza zinthu zakale motero kumafuna chilolezo, ndipo m'nkhalango zimene munali nkhondo kachipangizoko kamamutsogolera mwana molunjika pa chinthu chimene sayenera kukumba. Chachiwiri ndi moto. Musasonkhe moto pansi m'nkhalango zimenezo, ngakhale wowotchera nyama, kupatula pa malo okonzedwa. Ndipo ngati tsiku lina mudzapeza nyumba kapena kadimba kumeneko n'kufuna kukumba mozama, kafunseni kaye ku ofesi ya mzinda yoona za chitetezo, Ordnungsamt. Iwo amatumiza pempho kwa akatswiri amene amayang'ana zithunzi zojambulidwa m'ndege pa nthawi ya nkhondo kuti aone ngati pamalopo panagwa kanthu.

Ulendo wokha pitani, ndikukulimbikitsani. Sankhani tsiku louma, anawo avale nsapato zotseka ndi mathalauza aatali, ndipo madzulo muwafufuze nkhupakupa m'khwapa, m'mutu ndi kuseri kwa mawondo, chifukwa m'udzu wa kumeneko zilimo ndipo zimafalitsa matenda. Tsatani njira zokhala ndi zikwangwani. Mzere ukalowa m'khola la msipu, dziwani kuti ndi munda wa munthu, waya wake nthawi zambiri amakhala wamagetsi, ndipo ng'ombe yokhala ndi mwana siifuna alendo. Pa mano ouma a m'mphepete mwa njira, wamng'onoyo angakhale pa dzino lalifupi inu mutamugwira dzanja. Wamkuluyo mupatseni ntchito: awerenge mizere, inayi kapena isanu, akuuzeni chaka chimene anamanga, kenako apeze mbali imene kuli mano aafupi n'kuloza ndi chala kumene akasinja ankayembekezeka kuchokera. Akatero atembenuke ayang'ane kumbuyo, pa kamtunda, afufuze chulu chomera mitengo chimene sichikufanana ndi malo ena onse. Kawirikawiri pamenepo ndi pamene panali kalinga ka mfuti. Achione ali m'njira, asakwerepo.